Masitazi ya Akaunti Muli pa Ntchito: Mafunso ndi Mayankho kwa Anthu a ku Zomba

Mafunso ali m'munsiwa ndi omwe amabwerabwera kuchokera kwa anthu ogwira ntchito m'maofesi a ndalama kuno ku Zomba, kaya ndi kukhonsolo, m'zipatala, m'masukulu, m'mabanki kapena m'mabungwe omwe si aboma. Ambiri ali ndi digiri yoyamba kapena dipuloma, ali ndi ana oti awalipirire fizi, ndipo sangasiye ntchito kuti akakhale pasukulu zaka ziwiri.

Kodi masitazi ndi chimodzimodzi ndi ACCA, CIMA kapena CA ya ICAM?

Ayi, ndipo anthu ambiri amatayira ndalama pomwepa. Masitazi ndi digiri ya yunivesite. Imachitira umboni kuti mwaphunzira mozama ndipo mukhoza kuchita kafukufuku panokha. ACCA ndi CIMA (za mabungwe a akauntanti a ku Britain) komanso CA ya ICAM (bungwe la akauntanti la kuno ku Malawi) ndi ziyeneretso za ntchito: mumakhoza mayeso, mumagwira ntchito zaka zoikika moyang'aniridwa, kenaka mumakhala membala wa bungwe lomwe lingathe kukulangani mukachita zosayenera.

Lamulo loyendetsa ntchitoyi m'dziko muno ndi Public Accountants and Auditors Act ya 2013. Pansi pa lamuloli, bungwe lakale la akauntanti la SOCAM ndi bungwe la mayeso la PAEC anaphatikizidwa n'kukhala ICAM, ndipo Malawi Accountants Board ndiye imayang'anira ntchito yonse. Munthu wa masitazi yokha, ngakhale atakhoza bwanji, sakhala chartered accountant ndipo sangasayine lipoti la odita. Kuti asayine ayenera kukhala membala komanso kukhala ndi chiphaso chogwirira ntchitoyo.

Ndiye ndiyambe ndi chiti?

Yang'anani ntchito yomwe mukuifuna zaka zisanu zikubwerazi, osati pepala lomwe mnzanu wa mu ofesi watenga. Tengani zidziwitso za ntchito khumi za m'nyuzipepala zomwe mungakonde kufunsira, muwerenge mawu omwe alemba pa ziyeneretso. Ngati mukufuna kukhala odita, mkulu wa zachuma pa kampani kapena kutsegula ofesi yanuyanu, yambani ndi CA, ACCA kapena CIMA. Ngati mukufuna kuphunzitsa pa yunivesite, kugwira ntchito ya kafukufuku, kudzachita PhD, kapena muli kale chartered koma maudindo a pamwamba akufunsa digiri yachiwiri, pamenepo masitazi ndi yoyenera.

Kuti mudziwe kukula kwa ntchito: ACCA ili ndi mayeso 13, ndipo wa digiri ya akaunti yovomerezeka akhoza kukhululukidwa mayeso osaposa 9. Otsalawo, a gawo la Strategic Professional, aliyense amalemba. Kukhoza kumayambira pa 50 peresenti, mayeso amalembedwa mu Malichi, Juni, Sepitembala ndi Disembala, ndipo pamafunika miyezi 36 ya ntchito yotsimikiziridwa ndi wokuyang'anirani. ACCA yalengeza kuti ndondomekoyi isintha kuyambira 2027, choncho amene ali pakati asazengereze.

Chomwe sitilimbikitsa mpang'ono pomwe ndi kuchita zonse ziwiri nthawi imodzi muli pa ntchito. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Asayimenti ya ku yunivesite ndi mayeso a Juni zimakumana sabata imodzi, ndipo zonse zimavulala.

Kuno ku Zomba kuli yunivesite. Bwanji anthu amapitabe ku Blantyre?

Ndi nkhani ya mbiri. University of Malawi ili yophatikizana, maphunziro a akaunti ndi zamalonda anali ku Polytechnic ku Blantyre, pomwe Chancellor College, yomwe inabwera ku Zomba mu 1973, inali ndi maphunziro monga malamulo, uphunzitsi, sayansi ndi Economics. Mu 2021 makolejiwa anapatukana: Polytechnic inakhala MUBAS, Chancellor College inatsala ndi dzina la University of Malawi (UNIMA). N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri a akaunti, makalasi a ACCA ndi ICAM komanso Malawi College of Accountancy mumawapeza cha ku Ginnery Corner ku Blantyre, osati ku Chirunga komwe kuli UNIMA.

Koma musathamangire msewu wa Blantyre musanaone zapafupi. Akauntanti wa m'boma kapena wa bungwe lothandiza anthu akhoza kupindula kwambiri ndi masitazi ya Economics kapena Development Studies ya pa UNIMA, makamaka ngati ntchito yake ndi ya bajeti ndi mapulojekiti. Chenjezo lake n'lakuti Economics ya pa masitazi imafuna masamu ndi econometrics, zomwe wa digiri ya akaunti mwina sanazione mokwanira. Mapulogalamu atsopano amalengezedwa chaka ndi chaka, choncho werengani chidziwitso cha chaka chomwe mukufunsiracho.

Amafuna chiyani polowa?

Kawirikawiri amafuna digiri yoyamba ya akaunti, zachuma kapena zamalonda yokhoza bwino, transcript yochokera kusukulu komwe munaphunzira, makalata a anthu awiri kapena atatu okudziwani pa maphunziro ndi pa ntchito, CV, ndi risiti ya ndalama yofunsira malo. Mapulogalamu a anthu apantchito, makamaka MBA, amafunanso zaka zingapo za ntchito. Ena amafuna tsamba limodzi kapena awiri lofotokoza kafukufuku yemwe mukuganiza kuchita.

Chomwe chimachedwetsa anthu ndi transcript ndi makalata aja. Transcript siituluka tsiku lomwelo, ndipo ngati muli ndi ngongole ya fizi kusukulu yakale saipereka. Mphunzitsi yemwe anakuphunzitsani zaka khumi zapitazo sangakukumbukireni ndi meseji ya mizere iwiri. Mutumizireni CV, transcript ndi tsiku lotsekera, kudakali mwezi wathunthu.

Amene ali ndi dipuloma yokha ayambe wamaliza digiri kapena ziyeneretso za ntchito. Amene anamaliza ACCA koma alibe digiri afunse, chifukwa mayunivesite ena amawalandira. University of London ili ndi MSc in Professional Accountancy yokonzedwera anthu a ACCA, yophunzira pa intaneti.

Ndikufunika maola angati pa sabata?

Tiwerengere limodzi, poti ndife anthu a manambala. Masitazi ya ku Britain ndi ya ku South Africa imakhala ndi makirediti 180, ndipo kirediti imodzi imayimira maola 10 a kuphunzira. Amenewo ndi maola 1,800. Mukawagawa pa zaka ziwiri, n'kuchotsapo masabata ochepa opuma, mupeza maola 18 kapena 19 pa sabata. Masitazi ya kuno kwathu siisiyana kwenikweni pa kulemera kwake.

Maola 19 sapezeka pongowafuna. Ndondomeko yomwe imatheka kwa ambiri ndi iyi: maola awiri m'mamawa, kuyambira 4 koloko mpaka 6 koloko, masiku asanu, maola asanu ndi limodzi Loweruka, maola atatu tsiku lopemphera mukabwerako ku tchalitchi kapena ku mzikiti. Madzulo musawadalire. Munthu amene watha tsiku lonse akufufuza K35,000 yomwe ikusiyanitsa cash book ndi sitetimenti ya kubanki sangawerenge malamulo a kalembedwe ka malipoti a ndalama monga IFRS 9 n'kumva.

Kenaka ikani kalendala ya ofesi pambali pa kalendala ya sukulu. PAYE iyenera kufika ku MRA pofika pa 14, VAT pofika pa 25, ndipo sabata yotseka mabuku a mwezi simudzawerenga zambiri. Chaka chachuma cha boma chimatha pa 31 Malichi, ndiye Epulo mpaka Juni ndi nyengo yokonza malipoti ndi kuyankha maodita. Makampani ambiri amatseka pa 31 Disembala, kwa iwo moto umakhala Januwale ndi Febuluwale. Semesita yomwe yagwera nyengo imeneyi tengani maphunziro ochepa ngati sukulu ikulola. Ngati siikulola, sungani masiku a tchuthi chanu cha pachaka kuti mudzawatenge sabata ya mayeso.

Kuyenda Zomba ndi Blantyre Loweruka lililonse n'kotheka?

N'kotheka, ambiri achita. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 70 pa msewu wa M3. Pa galimoto yanu ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa. Pa minibasi onjezerani nthawi yodikira kuti idzaze pa depoti, yoima pa Thondwe, pa Namadzi ndi pa Njuli, ndiponso yosintha minibasi ku Limbe. Kalasi ikamayamba 8 koloko, wochokera ku Matawale kapena ku Chinamwali ayenera kukhala atatuluka m'nyumba isanakwane 5:30.

Njira yabwino ndi kupeza anzanu atatu kapena anayi a kalasi imodzi n'kumasonkherana mafuta. Gwirizanani poyamba pa zinthu ziwiri: amene sanapite tsikulo alipirabe kapena ayi, ndipo mudzatani mafuta akasowa pa filing'i siteshoni. Magulu ambiri amatha chifukwa cha zimenezi.

Funsaninso ngati pulogalamuyo ndi ya Loweruka ndi Lamulungu, yamadzulo, kapena ya block release. Yamadzulo siyenera munthu wa ku Zomba, pokhapokha ikhale ya pa intaneti. Block release imatanthauza kukhala kusukulu sabata imodzi kapena ziwiri zathunthu, kenaka kubwerera ku ntchito. Imachepetsa maulendo, koma imafuna malo ogona ndi chilolezo cha abwana cholembedwa, osati chapakamwa.

Nanga mayunivesite akunja a pa intaneti?

Alipo abwino, aliponso ongogulitsa mapepala. Musanalipire tambala, tsimikizani zinthu ziwiri: kuti yunivesiteyo ndi yovomerezeka m'dziko lake lomwe, komanso kuti National Council for Higher Education idzaizindikira digiriyo. NCHE ndiyo imavomereza mapulogalamu a m'dziko muno ndipo imaunikanso mapepala ochokera kunja. Onetsetsani kuti chovomerezedwa ndi pulogalamu yeniyeniyo, chifukwa sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa pomwe pulogalamu yake ina sinavomerezedwe. Sukulu yolonjeza masitazi m'miyezi isanu ndi umodzi, yopanda mayeso, yokuimbirani foni tsiku ndi tsiku kuti mtengo wotsika utha mawa, ithaweni.

Vuto lachiwiri ndi ndalama zakunja. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Wophunzira yemwe anali ndi invoisi ya madola 1,000 anagona akufunika K1.18 miliyoni, n'kudzuka akufunika K1.7 miliyoni, malipiro ake ali omwewo. Choncho bajeti ya pulogalamu yolipira m'madola, m'mapaundi kapena m'marandi iyenera kukhala ndi ndalama yapadera yotetezera zimenezi. Kupeza forex kubanki nakonso kumatenga nthawi: perekani invoisi ndi kalata yokulandirani kudakali masabata angapo, ndipo dziwitsani sukulu mwa kalata ngati banki yachedwa, kuti asakutsekereni.

Ndalama zonse zingakhale zingati?

Fizi imasintha chaka ndi chaka, ndiye itengeni pa chidziwitso chatsopano. Cholakwika chachikulu ndi kuwerengera fizi yokha. Onjezerani ndalama yolembetsera chaka chilichonse, thiransipoti, chakudya ndi malo ogona, bandulo, laputopu yosunga moto maola angapo, nyali ya sola kapena inveta ya nthawi yomwe magetsi azima, ndalama ya komiti yoona za kafukufuku, maulendo okatolera mayankho, kusindikiza ndi kumanga mabuku a kafukufuku, ndiponso ndalama ya tsiku lolandira digiri. Funsani makamaka funso ili: ndikapanda kumaliza kafukufuku m'zaka ziwiri, semesita yowonjezera ndidzalipira zingati? Ambiri amadzidzimuka ndi ndalama imeneyi.

Za ngongole, yerekezani chiwongoladzanja cha SACCO ya kuntchito ndi cha banki, ndipo muone ndalama yotsala pa payslip mukadulidwa. Katapila wa fizi ayi.

Thandizo la maphunziro liliponso. Commonwealth ili ndi masikolashipu a ophunzira ali kwawo kudzera pa intaneti. Chevening imafuna zaka ziwiri za ntchito ndipo ndi yokaphunzira ku Britain chaka chimodzi. Beit Trust imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Ziwiri zomalizazi zimafuna kuti muchoke pa ntchito kwa kanthawi.

Abwana ndiwauze liti, nanga bondi ndisayine?

Auzeni musanafunsire malo, ndipo chilichonse chilembedwe. Ogwira ntchito m'boma adutse kwa mkulu wa ofesi yawo ndi ku nthambi yoona za ogwira ntchito, kuti maphunzirowo alowe m'ndondomeko ya maphunziro ya ofesi. Kuyamba mwakachetechete kumabweretsa mavuto tsiku lomwe mayeso agwera Lachitatu.

Bondi, pangano loti mudzagwirabe ntchito pamalopo akakuthandizani pa maphunziro, si yoipa, koma iwerengeni ngati kontirakiti ina iliyonse. Mudzagwira zaka zingati mukamaliza? Zakazo zimayamba kuwerengedwa liti, tsiku lomaliza makalasi kapena tsiku lolandira digiri? Mukachoka pakati mudzabweza ndalama zonse kapena za nthawi yotsala yokha? Mukalephera phunziro, wolipira kubwereza ndani? Nanga ntchito ikatha chifukwa pulojekiti yatsekedwa? Ogwira m'mabungwe oyendera thandizo la madona asaiwale funso lomalizali.

M'kalasi timaphunzira chiyani chomwe sitinachione pa digiri yoyamba?

Maina a maphunziro ndi odziwika kale: financial reporting, management accounting, auditing, misonkho, corporate governance, financial management, ndi research methods. Chosiyana ndi funso lomwe amafunsa. Pa digiri yoyamba ankafuna muwerengere lease molingana ndi IFRS 16. Pa masitazi adzafuna mufotokoze chifukwa chomwe lamulolo linasinthira mu 2019, zomwe linachita pa ngongole zooneka m'mabuku a kampani, ndi zomwe ofufuza ena apeza. Akauntanti wozolowera yankho limodzi lolondola amavutika ndi nkhani ya masamba khumi yofuna mtsutso ndi maumboni. Phunzirani msanga kalembedwe kotchula magwero a zomwe mwawerenga, ka APA kapena Harvard, ndipo ikani pulogalamu yosunga magwerowo, Zotero kapena Mendeley, pa kompyuta sabata yoyamba.

Ogwira m'boma ndi m'makhonsolo aone ngati pulogalamuyo ili ndi IPSAS (malamulo a kalembedwe ka malipoti a ndalama za boma) ndi kayendetsedwe ka chuma cha boma. Pulogalamu yodzaza ndi nkhani za misika ya masheya ya ku London siidzakuthandizani kwambiri pa Public Finance Management Act ya 2022 kapena pa IFMIS, sisitemu ya pa kompyuta yoyendetsera ndalama za boma.

Bwanji anthu ambiri amamaliza makalasi koma osalandira digiri?

Kafukufuku. Makalasi ali ndi tsiku ndi ola, ali ndi anzanu okukumbutsani pa WhatsApp. Kafukufuku mumatsala nokha, ndipo ntchito ya mu ofesi imadya nthawi yonse yomwe ilibe mwini.

Choyamba chimene chimalakwika ndi mutu. “Kayendetsedwe ka ndalama m'boma la Malawi” si mutu, ndi laibulale yonse. Mutu wotheka umatchula chinthu chimodzi, malo ochepa ndi zaka zowerengeka. Mwachitsanzo: kusiyana kwa ndalama za matikiti a msika zolembedwa m'mabuku a otolera ndi zomwe zafika kubanki, m'makhonsolo awiri, pa zaka zitatu. Pamenepo mukudziwa mabuku oti muwapemphe, anthu oti muwafunse, ndi nambala yomwe mukuifufuza. Nkhani za kwathu zofunika kuzifufuza ndi zambiri: zomwe zasintha pa kayang'aniridwe ka ndalama za boma chichitikireni Cashgate mu 2013, mmene makampani amalembera kuluza kobwera ndi kugwa kwa kwacha pansi pa IAS 21, kapena chifukwa chomwe mafunso a odita amabwerera omwewo chaka ndi chaka.

Chachiwiri ndi deta. Musalembe proposal musanatsimikize kuti manambalawo mudzawapeza. Malipoti apachaka a makampani a pa Malawi Stock Exchange ndi a poyera, a Auditor General ndi a Reserve Bank chimodzimodzi, ndipo kuno ku Zomba tili ndi mwayi woti National Statistical Office ndi National Archives zili pakhomo. Koma makampani a pa msika wa masheya ndi osakwana 20, ndiye amene akufuna regression atenge zaka zambiri kuti manambala akwane. Ngati mukugwiritsa ntchito mafunso olemba, werengerani chiwerengero cha anthu moyenera: pa gulu la anthu 200, fomula ya Yamane, polola kulakwa kwa 5 peresenti, imapereka anthu 133 oti muwafunse. Gawani mapepala oposa pamenepo chifukwa ena sabweza, ndipo yesani mafunsowo pa anthu khumi kaye. Cronbach's alpha, nambala yosonyeza kugwirizana kwa mafunso, ikatsika pansi pa 0.7, oyesa adzafunsa ngati mafunso anu akuyeza chinthu chimodzi.

Chachitatu ndi chilolezo. Kafukufuku wofunsa anthu amayenera kudutsa ku komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa, monga UNIMAREC pa University of Malawi, kapena komiti ya dziko lonse yomwe ili pansi pa National Commission for Science and Technology. Mayankho otoleredwa chilolezo chisanatuluke akhoza kukanidwa onse. Komiti imakumana pa nthawi yake, ndipo ikabweza proposal kuti mukonze, mwezi wina wapita.

Chachinayi ndi supavayiza. Aphunzitsi ali ndi ophunzira ambiri, sangakusakeni. Gwirizanani tsiku lokumana mwezi uliwonse, tumizani chaputala chimodzi sabata imodzi tsikulo lisanafike, ndipo mukatha kukambirana lembani imelo yaifupi yotchula zomwe mwagwirizana. Mukabweza ntchito yokonzedwa, phatikizanipo tebulo losonyeza ndemanga iliyonse ndi tsamba lomwe mwakonza. Mphunzitsi amawerenga msanga ntchito yotere.

Za kulembetsa kafukufuku kwa munthu wina kapena kukopera: pulogalamu ya pa kompyuta ya Turnitin imagwira zokopera, ndipo pa tsiku loteteza kafukufuku funso limodzi la chifukwa chomwe munasankhira njira yanu limaulula yemwe sanalembe yekha. Kwa membala wa ICAM kapena ACCA, nkhaniyi siithera kusukulu. Ndi mlandu wa khalidwe womwe ungakhudze umembala.

Ndingagwiritse ntchito mabuku a ku ofesi kwathu pa kafukufuku?

Pokhapokha ndi kalata ya chilolezo yochokera kwa mkulu woyenera. Kukhala ndi pasiwedi ya sisitemu si chilolezo. Kusunga chinsinsi ndi limodzi mwa malamulo asanu a khalidwe la akauntanti, ndipo payroll ili ndi maina ndi malipiro a anthu. Chotsani maina, gwirizanani ngati dzina la bungwe litchulidwe, ndipo ganizirani bwino musanafunse mafunso anthu omwe inu mumawasayinira ma allowance, chifukwa adzakuyankhani zokukondweretsani.

Ndikamaliza, malipiro akwera?

Osati pompopompo. M'boma kukwezedwa kumadalira malo opanda munthu ndi intaviyu, ndipo kumakampani amalipira udindo, osati satifiketi. Chomwe masitazi imachita ndi kukulowetsani pa mndandanda wa oitanidwa ku intaviyu za maudindo omwe kale simukanafunsira, ndi kukutsegulirani mwayi wophunzitsa kapena wa ukonsatanti. Mukalandira digiri, kaperekeni kope lotsimikizidwa kuti lilowe mu fayilo yanu ya kuntchito.

Zinthu zikavuta pakati, monga matenda, maliro kapena kusamutsidwa, nditani?

Lembani kalata yopempha kuimitsa maphunziro semesita isanafike pa mayeso, muphatikize umboni monga kalata ya kuchipatala kapena ya posting, ndipo musunge yankho lawo. Amene wangosowa osanena amalembedwa kuti walephera, ndipo fizi ya semesitayo imapita. Pulogalamu iliyonse ili ndi malire a zaka zomwe munthu angakhale wolembetsedwa. Zikadutsa, maphunziro omwe munakhoza kale akhoza kutayika. Funsani nambala ya zakazo kwa registrar pa tsiku lolembetsa ndipo muilembe pa tsamba loyamba la fayilo yanu.

Kodi maphunziro a masitazi amawerengedwa ngati CPD, maphunziro opitiriza omwe membala amayenera kuchita chaka chilichonse?

Inde, ngati akukhudzana ndi ntchito yanu. Membala wa ACCA amafunika mayunitsi 40 pa chaka, ndipo 21 mwa amenewa akhale okhala ndi umboni. Semesita imodzi ya masitazi imakwanitsa zimenezi, bola musunge kalata yolembetsera, ndandanda ya maphunziro ndi zotsatira za mayeso. Mamembala a ICAM atumize mapepala omwewo ku ofesi ya umembala podzaza fomu ya chaka, ndipo ndalama ya umembala ipitirire kulipiridwa nthawi yonse yomwe muli pasukulu.